Malasha Akapsa Amapita Kuti?

Tengani mulu wa malasha wolemera tani imodzi, muukoleze moto mpaka unyeke wonse. Chotsala pansi ndi phulusa loti simungavutike nalo, mawilibala awiri kapena atatu mwatuta mwamaliza. Nanga zina zonse zija zapita kuti? Ambirife timangoti zapsa, ngati kuti kupsa n'kutha. Ena amati zasanduka kutentha, ena amati zapita ndi utsi. Koma mukanakhala ndi njira yokolera chilichonse chotuluka pamotopo n'kuchiika pasikelo, mukanagwira pakamwa. Tani imodzi ija yabala mpweya wa carbon dioxide wolemera matani awiri ndi theka, mwinanso kuposerapo. Mpweyawo suoneka, sununkha, ndipo wamwazikana kale.

Munthu akamva zimenezi koyamba amakana, ndipo ine sindimudabwa. Chinthu chapsa mpaka kutsala phulusa, chingabale bwanji china cholemera kuposa icho? Koma yankho lake likangomveka, nkhani yonse ya malasha ndi kusintha kwa nyengo imayamba kuoneka mwina. Carbon dioxide si litsiro lobwera chifukwa choti wina waotcha mosasamala. Ndi kumene moto wa malasha umathera ukayaka bwino.

Tiyambe ndi malashawo. Pano sitikunena makala ootcha kuchokera ku mitengo, ngakhale awiriwa ndi pachibale. Malasha ndi mwala wakuda wokumbidwa pansi, koma kholo lake ndi zomera. Ambiri mwa malasha a ku Ulaya ndi kum'mawa kwa North America anayamba kupangika zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene akatswiri a miyala amaitcha Carboniferous, pamene madera aakulu anali madambo a nkhalango zowirira. Mtengo ukagwa unkagwera m'madzi amatope, mopanda mpweya wokwanira kuti uwole n'kutheratu. Ina inkagwera pamwamba pake, kenako mchenga ndi dothi n'kukwirira zonse. Kulemera kwa nthaka ndi kutentha kwa pansi kunafinya zotsalazo pang'onopang'ono, madzi n'kuchoka, mipweya ina n'kuthawa, kumatsala kaboni wochulukirachulukira, chinthu chakuda chija chimene chimachuluka m'makala.

Nanga zomerazo kaboni zinamutenga kuti? Zinamukoka mumpweya. Tsamba lobiriwira limayamwa carbon dioxide, mizu n'kubweretsa madzi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa chomera chimamanga thunthu, nthambi ndi masamba, okosijeni, mpweya umene thupi lathu limafuna popuma, n'kumutaya kunja. Ndiye kuti chibulumwa cha malasha chasunga zinthu ziwiri zakalekale: kaboni wa mumpweya wa nthawi imeneyo, ndi mphamvu ya dzuwa limene linawala anthu kulibe. Moto umangomasula mfundo imene tsamba linamanga. Mphamvu ija imatuluka ili kutentha, kaboni uja n'kubwerera kwawo.

Malasha sali mtundu umodzi. Akakhalitsa pansi ndi kufinyika kwambiri, kaboni amachuluka. Poyambira pake ndi peat, zinyalala za m'dambo zikadali zofewa, mizu ndi timitengo zikuonekabe. Kenako pamabwera lignite, wofiirira, wamadzi ambiri, amene kaboni wake ali pakati pa 25 ndi 35 peresenti. Malasha a bituminous, ofala m'mafakitale, kaboni wake amayambira pa 45 kukafika pa 86 peresenti. Pamwamba pa onse pali anthracite, wolimba, wonyezimira, wovuta kuyatsa koma wosafuka utsi wambiri. Zotsalazo ndi haidirojeni, okosijeni, salufa ndi naitirojeni pang'ono, madzi, komanso dothi limene linalowerera m'dambo muja. Dothilo ndilo limadzakhala phulusa.

Ngati munaonapo chibulumwa cha malasha a bituminous chikuikidwa pamoto, mukudziwa kuti sichigwira msanga. Chimayamba chathetheka n'kumatulutsa nthunzi, amenewo ndi madzi akuthawa. Kutentha kukakwera chimang'aluka, m'ming'alumo n'kumatuluka utsi wachikasu wonunkha phula, nthawi zina ndi kaphokoso ngati kalikhweru. Utsiwo ukagwira moto pamabuka malawi aatali achikasu, ovinavina, osiya mwaye bii pachilichonse chimene anyambita. Pamenepo mwala weniweniwo sunayambe kuyaka. Zikuyakazo ndi mafuta ndi mipweya imene kutentha kwaifinya m'kati mwake. Zimenezo zikatha malawi amagwa, utsi n'kuleka, chibulumwa chija n'kungoti psuu, phee, kutentha kokhakokha. Apa m'pamene kaboni akudyedwa, kuyambira kunja kulowa m'kati. Mukayang'anitsitsa muona timalawi tabuluu tikusewera pamwamba pake. Musatiiwale timeneti, tibwererakonso. Pomaliza chimatuwa, mukachikhudza chimafumbutuka, kwake kwatha. Nthawi imene motowo ukuoneka waukhondo, wopanda utsi ngakhale pang'ono, carbon dioxide ndiye ali mbwee kutuluka.

Kuti timve chimene chikuchitika pamwamba pa khala lofiiralo, tiyenera kutsikira ku tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Mpweya umene timapumawu ndi wosakaniza. Pafupifupi 78 peresenti ndi naitirojeni, amene pamoto kwakukulu amangodutsa ngati wapaulendo, ndipo 21 peresenti ndi okosijeni. Maatomu a okosijeni amayenda awiriawiri, ogwirana. Pozizira akhoza kugundagunda malasha tsiku lonse osachitika kanthu kooneka. Koma pakatentha, maatomu a kaboni amene ali kunja kwa khala amanjenjemera mwamphamvu, ndipo okosijeni akafika amakolana nawo. Atomu imodzi ya kaboni imatengana ndi maatomu awiri a okosijeni, atatuwo n'kunyamuka limodzi ali mpweya. N'chifukwa chake amalemba CO2: C mmodzi, O awiri. Kugwirana kwatsopanoku n'kolimba kuposa kumene kunalipo poyamba, ndipo maatomu akakhazikika molimba chotero amataya mphamvu imene anali nayo, monga mwala wogubuduka paphiri umasiyira mphamvu zake m'njira usanakaime kuchigwa. Mphamvu yotayidwayo ndiyo kutentha. Kutenthako kumadzutsa maatomu oyandikana nawo, iwonso n'kukolana ndi okosijeni, moto n'kumadzisonkhezera wokha. Ntchito ya machesi n'kungoyambitsa.

Tsopano masamu aja. Pasikelo imene akatswiri amayezera maatomu, kaboni amalemera 12, okosijeni 16. Kaboni mmodzi ndi okosijeni awiri ndiye kuti 12 kuphatikiza 32, yankho 44. Choncho makilogalamu 12 a kaboni akapsa bwinobwino amatulutsa makilogalamu 44 a carbon dioxide, kapena tinene kuti kilogalamu imodzi imabala makilogalamu 3.67. Kulemera kowonjezerako kwachokera mumpweya. Pa magawo 44 aja, 32 ndi okosijeni amene moto wakoka pamphepo. Timaiwala kumuwerengera chifukwa sitimukumba, sitimunyamula, amangobwera yekha. Tani ya malasha okhala ndi kaboni 70 peresenti ili ndi makilogalamu 700 a kaboni. Chulukitsani ndi 3.67, mupeza makilogalamu pafupifupi 2,570. Tani ya anthracite wabwino imatulutsa matani oposa atatu. Lignite amatulutsa zochepa pa tani imodzi, koma musamuyamikire msanga. Kutentha kwake n'kochepanso, moti pamafunika wambiri kuti agwire ntchito yomweyo, ndipo mukawerengera pamapeto mupeza kuti watulutsa carbon dioxide woposa wa bituminous.

Njala ya moto pa mpweya ndi yoopsa. Kilogalamu imodzi ya kaboni imafuna makilogalamu 2.67 a okosijeni, ndipo poti okosijeni ndi gawo lochepa la mpweya wamba, pamafunika makilogalamu oposa 11 a mpweyawo kuti apezeke wokwanira. Ndi mpweya woposa wodzaza kachipinda ka mamita awiri m'litali, awiri m'lifupi ndi awiri kupita m'mwamba, zonsezo chifukwa cha malasha oti munthu n'kuwanyamula m'manja.

Anthu anazunguzika nayo mutu nkhaniyi kwa zaka mazana. M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont, wa kudera limene lero ndi Belgium, analemba kuti ataotcha makala olemera mapaundi 62 anatsala ndi paundi imodzi ya phulusa. Anati mapaundi 61 enawo asanduka mzimu wosagwirika, ndipo pofuna kuupatsa dzina anapeka mawu oti gas, amene ife timati gasi mpaka lero. Anayandikira, koma sanadziwe kuti mpweya wakunja nawo walowererapo. Pambuyo pake akatswiri anakhala nthawi yaitali akuphunzitsa molakwika kuti chinthu choyaka chili ndi kanthu kotchedwa phlogiston kamene kamathawa chikamapsa. M'ma 1750, Joseph Black wa ku Scotland anasonyeza kuti mpweya wotuluka pamakala oyaka ndi womwewo umene timatulutsa popuma, ndi womwewonso umene umatuluka m'miyala ya laimu ikaotchedwa. Njira youzindikirira ikadalipo m'makalasi a sayansi: madzi a laimu osefedwa, oonekera mpaka pansi pa botolo, mukawauzira mpweya ndi kapaipi amachita mbuu ngati mwadonthezamo mkaka.

Wodzagamula mlanduwu anali Antoine Lavoisier wa ku France, m'ma 1770 ndi 1780, munthu amene ankakhulupirira sikelo kuposa maso. Ankaotcha zinthu m'mabotolo otseka, kuyeza asanayatse ndi kuyezanso moto utazima, ndipo kulemera kwa zonse pamodzi sikunkasintha. Chimene chatuluka apa chalowa apo. Anafika pootcha dayamondi ndi magalasi aakulu osonkhanitsa dzuwa, mwala wamtengo wapataliwo n'kuzimiririka, kusiya mpweya womwe uja wa makala. Dzina loti okosijeni anapeka ndi iye. Anamudula mutu mu 1794, pa nthawi ya kuukira boma ku France, pa mlandu wokhudza misonkho, osati sayansi.

Tibwerere ku timalawi tabuluu tija. M'kati mwa mulu wa malasha mpweya sulowa wokwanira, choncho kaboni wina amangopeza okosijeni mmodzi m'malo mwa awiri. Chotuluka pamenepo ndi carbon monoxide, CO. Akakwera pamwamba n'kukumana ndi mpweya watsopano amayakanso ndi lawi labuluu, n'kutenga okosijeni wachiwiri uja, kukhala carbon dioxide. Koma akapanda kuupeza mpweyawo, monga m'chipinda chotseka zitseko ndi mazenera, amangodzazana. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, kenako chizungulire, kenako tulo, osadzukanso. Mipweya iwiriyi anthu amaisokoneza chifukwa maina ndi ofanana, koma wopha usiku umodzi pamoto wa m'nyumba ndi monoxide.

Palinso kuluza kwina. Kaboni akathera pa monoxide amapereka kutentha kosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene akanapereka. N'chifukwa chake injiniya aliyense woyang'anira ng'anjo amayesetsa kuti kaboni yense akafike pa dioxide. Kwa iye utsi wakuda, mwaye ndi monoxide ndi malasha otayika. Vuto lagona pomwepa. Kukonza moto kuti uziyaka bwino kumachotsa utsi ndi poizoni, koma ndiye kuti kaboni yense uja akuthera ku carbon dioxide osatsalako.

M'malo opangira magetsi luso limeneli analifikitsa patali. Malasha saponyedwa pamoto ali zibulumwa. Amayamba aperedwa m'zigayo mpaka kusalala ngati ufa, kenako mphepo yotentha imauzira fumbilo m'ng'anjo yaitali ngati nyumba yosanjikiza kambirimbiri. Kanjere kalikonse kamazunguliridwa ndi mpweya, moti zonse zimene chibulumwa chija chimachita pa ola lathunthu, kanjereka kamamaliza m'masekondi ochepa. Kutentha kumapitirira madigiri 1,300. Makoma a ng'anjoyo ndi mapaipi a madzi okhaokha. Madziwo amasanduka nthunzi yamphamvu imene imazunguza makina otchedwa turbine, iwo n'kuzunguza jenereta. Koma pa kutentha konse kwa malasha, kumene kumasanduka magetsi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ngakhale makina amakono kwambiri safika theka. Kwinako kumatayika. Mapeto ake, yuniti imodzi ya magetsi a malasha, imene amati kilowatt hour, imasiya pafupifupi kilogalamu imodzi ya carbon dioxide. Siteshoni ya mamegawati 1,000 ikamagwira ntchito usana ndi usiku imadya matani pafupifupi 9,000 a malasha patsiku, n'kutulutsa matani oposa 20,000 a mpweyawu.

Chithunzi chimene manyuzipepala amakonda, cha nsanja zonenepa zikufuka chiutsi choyera tolotolo, n'chosocheretsa. Choyeracho ndi nthunzi ya madzi oziziritsira makina. Carbon dioxide amatulukira pachumuni chowonda chachitali, ndipo chumunicho nthawi zina chimaoneka ngati sichikutulutsa kanthu. Akulu amati utsi sufuka popanda moto. N'zoona, koma moto wopanda utsi ulipo, ndipo suchepetsa kalikonse pa masamu a 12 ndi 44 aja.

Utsi wooneka ndi umene anthu anayamba kulimbana nawo, ndipo anali ndi chifukwa. Mu Disembala 1952 utsi wa malasha wosakanikirana ndi chifunga unakuta mzinda wa London kwa masiku asanu. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 akufa, koma kafukufuku wa pambuyo pake anati chiwerengerocho chingafike 12,000. Mu 1956 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kuipitsa mpweya ndi utsi. Kuchokera nthawi imeneyo mayiko ambiri aphunzira kusefa zotuluka m'chumuni. Fumbi la phulusa amalikola ndi mphamvu ya magetsi kapena ndi nsalu zosefera, salufa amamutsuka ndi madzi osakaniza ndi miyala ya laimu yopera. Zimenezi zapulumutsa mapapo a anthu ambiri, palibe angatsutse. Koma m'zosefera zonsezi carbon dioxide amangodutsa osaima. Mwaye ndi salufa ndi zinyalala za pambali, zochepa, zotheka kutola. Carbon dioxide ndiye katundu weniweni wa motowo. Mukadzamva wina akukamba za malasha aukhondo, mumufunse kuti ayera ku chiyani.

Mafuta onse okumbidwa pansi amatulutsa mpweyawu, koma malasha amaposa anzake, ndipo chifukwa chake ndi haidirojeni. Gasi wachilengedwe, amene kwakukulu ndi methane, ali ndi maatomu anayi a haidirojeni pa atomu iliyonse ya kaboni, ndipo haidirojeni akapsa amabala madzi. Ndiye gawo lalikulu la kutentha kwa gasi limabwera kaboni osakhudzidwa. M'malasha haidirojeni ndi wochepa, kutentha kwambiri kumachokera kwa kaboni yemweyo. Pa kutentha kofanana, malasha akatulutsa makilogalamu 95 a carbon dioxide, dizilo amatulutsa pafupifupi 74, gasi 56. Izi sizikumuyeretsa gasi, poti methane akathawa m'mapaipi asanapse amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide. Ndipo migodi ya malasha nayo imatulutsa methane yemweyo.

Popanga chitsulo ndiye malasha amagwira ntchito ziwiri. Miyala ya chitsulo ndi chitsulo chogwirana ndi okosijeni, ngati dzimbiri, ndipo kuti chimasuke pamafunika wina wokalanda okosijeniyo. Wolanda wake ndi kaboni. Malasha amayamba aphikidwa mopanda mpweya kukhala coke, amene Abraham Darby anayamba kusungunulira chitsulo ku Coalbrookdale, ku England, mu 1709. M'ng'anjomo carbon monoxide wochokera ku coke amatsomphola okosijeni m'miyala ija n'kusanduka carbon dioxide, chitsulo n'kuyenderera pansi chili chamadzimadzi. Tani ya chitsulo chopangidwa motere imasiya matani pafupifupi awiri a mpweyawu.

Malasha sachita kudikira munthu kuti awayatse. Mulu waukulu ukangokhala pamphepo umamwa okosijeni pang'onopang'ono, n'kumafunda m'kati, mpaka nthawi zina kubuka moto wokha. Moto ukalowanso mumgodi suzimitsika wamba. Pansi pa tawuni ya Centralia ku Pennsylvania pakhala pakuyaka kuyambira 1962, anthu ake pafupifupi onse anasamuka. Ku Jharia, ku India, moto wa pansi unayamba mu 1916 ndipo ukadalipo.

Tikaphatikiza ng'anjo zonse, dziko likuotcha matani oposa 8 biliyoni a malasha pachaka, oposa theka akupsera ku China. Carbon dioxide wake ndi matani pafupifupi 15 biliyoni, cha m'ma 40 peresenti ya yense wochokera ku mafuta okumbidwa pansi. Wowerenga watcheru aona kuti 8 kuchulukitsa ndi 2.5 si 15. Kusiyanako kukubwera chifukwa malasha ambiri amene amaotchedwa ndi otsika, odzaza madzi ndi phulusa.

Kuti mpweyawu umasunga kutentha si nkhani yadzulo. Eunice Foote ku America anaona mu 1856 kuti botolo la carbon dioxide likaikidwa padzuwa limatentha kuposa la mpweya wamba. John Tyndall anayeza mu 1859 mmene mpweyawu umakolera kutentha kumene maso saona. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa bwinobwino kufika pansi, koma kutentha kumene nthaka ndi nyanja zimabweza kumwamba, kwina kumakodwa n'kubwereranso. Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera mu 1896 mmene dziko lingafundire mpweyawu utachuluka. Ndipo mu Ogasiti 1912 kanyuzipepala kena ka ku New Zealand kanasindikiza nkhani ya mizere yochepa yonena kuti ng'anjo za padziko zikuotcha matani 2 biliyoni a malasha pachaka, kuti zimenezi zikuwonjezera matani 7 biliyoni a carbon dioxide mumlengalenga, ndi kuti mpweyawu udzafunditsa dziko ngati bulangete. Manambala awo anakokomeza, chifukwa anawerengera ngati malasha ndi kaboni yekhayekha, koma mfundo anaigwira. Chimene anaphonya kwambiri ndi nthawi. Ankaganiza kuti zotsatira zake zidzaoneka patapita zaka mazana angapo.

Mu 1958 Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya paphiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo anapeza magawo pafupifupi 315 a carbon dioxide pa magawo 1 miliyoni a mpweya. Timathovu ta mpweya wakale totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica timasonyeza kuti mafakitale asanayambe, magawowo anali cha m'ma 280. Lero apitirira 420. Ndipo amenewa ndi pafupifupi theka chabe la zimene timatulutsa, chifukwa theka linalo limamwedwa ndi zomera ndi nyanja, madzi a m'nyanjamo n'kumanka nachita asidi pang'onopang'ono. Wotsala m'mwambayo sachoka msanga. Utsi mvula imautsuka m'masiku ochepa, koma gawo lina la carbon dioxide wa lero lidzakhala likadali m'mwamba zaka mazana ngakhale masauzande zikubwerazi.

Wina angafunse kuti tikudziwa bwanji kuti wowonjezerekayo ndi wa m'ng'anjo zathu, osati wa mapiri ophulika moto. Kaboni ali ndi chizindikiro. Mumpweya ndi m'zamoyo zonse muli kaboni wina wochepa kwambiri wotchedwa carbon 14, amene amanka natha yekha, theka lake pa zaka 5,730 zilizonse. Malasha akhala pansi zaka mamiliyoni, ndiye mwa iwo mulibiretu. Mu 1955 Hans Suess, poyeza mizere ya zaka m'mathunthu a mitengo, anaona kuti carbon 14 akusungunuka mumpweya, ngati mchere m'madzi amene wina akuthiramo ena opanda mchere. Umboni wina ndi okosijeni. Ralph Keeling, mwana wa Charles uja, wakhala akumuyeza kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Sakuchepa moti wina n'kubanika, ayi, alipo wambiri zedi. Koma kuchepako kukusonyeza kuti pali chimene chikupsa, chifukwa phiri likaphulika limatulutsa carbon dioxide wopangika kale, silidya okosijeni wa mumpweya monga moto umachitira.

Nkhuni nazo zimatulutsa carbon dioxide, inde, ndipo ife tomwe timamutulutsa popuma. Kusiyana kwake ndi komwe kaboniyo wachokera. Wa mumtengo anali mumpweya zaka makumi angapo zapitazo, ndipo mtengo wina ukamera pamalopo umamukokanso. Ukapanda kumera, ngongoleyo imatsala. Koma wa m'malasha anachoka m'bwalo zaka mamiliyoni zapitazo, dziko n'kuzolowera kukhala popanda iye. Chimene madambo anakwirira pa zaka zosawerengeka, ife tikuchifukula ndi kuchibwezera m'mwamba pa zaka mazana awiri kapena atatu.

Nanga sangakoledwe asanathawe? Zimatheka, koma si zamasewera. Mu utsi wa siteshoni ya malasha carbon dioxide amangokhala pakati pa 12 ndi 15 peresenti, zambiri ndi naitirojeni wapaulendo uja, ndiye pamafunika kumupatula kaye. Utsi umadutsitsidwa m'mankhwala amadzi otchedwa amine amene amamugwira. Mankhwalawo amatenthetsedwa kuti amutaye, kenako iye amapanikizidwa mpaka kukhala ngati madzi n'kupoperedwa pansi pa nthaka. Kutenthetsa ndi kupanikizako kumadya gawo lalikulu ndithu la mphamvu ya siteshoni yomweyo, ndiye pamafunika kuotcha malasha enanso kuti magetsi asachepe. Siteshoni ya Boundary Dam ku Saskatchewan, ku Canada, inayamba kuchita zimenezi mu 2014 pa imodzi mwa ng'anjo zake. Ya Petra Nova ku Texas inayamba mu 2017, inaima mu 2020 mitengo ya mafuta itagwa, n'kudzayambiranso mu 2023. Kumalo onse awiriwa mpweya wambiri wokoledwawo umagulitsidwa kuti ukapoperedwe m'zitsime zakale zamafuta, mafuta otsalira azituluka.

Masiteshoni a malasha padziko alipo masauzande, koma ochita zimenezi ndi owerengeka. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kulemera kuja tinayamba nako. Sitima ikabweretsa mabogi 100 a malasha pageti la siteshoni, katundu woti atulukenso, apanikizidwe, ayende m'mapaipi ndi kukapezeredwa malo pansi pa nthaka pomwe sadzathawa, ndi wolemera ngati mabogi 250.